SUKULU ZA PA CHILUMBA CHA CHISI: TIZIYESE NDI MUYESO WANJI?

Chaka ndi chaka, bungwe loona za mayeso la MANEB likalengeza zotsatira za mayeso a Sitandade 8, anthu a m'maofesi ndi aphunzitsi omwe amathamangira kufunsa chinthu chimodzi: kodi pa ana 100 alionse, akhoza ndi angati? M'zaka zingapo zapitazi chiwerengero chimenechi chakhala chikupitirira 80 m'dziko lonse, ndipo n'koyenera kuti mtundu ukondwere nacho. Komatu alipo malo ena kumene chiwerengero chotere, chikwere kapena chitsike, sichinena zoona zonse. Ena mwa malo otere ndi chilumba cha Chisi, chimene chili m'nyanja ya Chilwa kufupi ndi gombe la kumadzulo, m'dera la Mfumu Mkumbira, m'boma la Zomba.

Ana a pa Chisi ndi ochepa tikawayerekeza ndi khamu la ana a m'boma lonse. Koma nkhani yao ikufunsa Boma ndi ife tonse ogwira ntchito zake funso lalikulu: kodi ndalama za maphunziro zizigawidwa powerenga mitu ya ana basi, kapena poyang'ananso kuvuta kwa malo amene anawo akukhala? Ife tikuti kuvuta kwa malo kuyenera kuwerengedwa, ndipo sukulu imene yapatsidwa zochuluka chifukwa cha kuvutako iyenera kuonetsa poyera chimene yachita nazo.

MALO AKE

Awerengi athu amene sanafikeko ayenera kuyamba adziwa khalidwe la nyanja ya Chilwa. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi ake m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madziwo. Nyanjayi ndi yosazama, yozingidwa ndi madambo a njedza, ndipo kukula kwake kumatsata mvula. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi mu 2018 madzi anabwerera kutali kotero kuti mabwato ambiri anangotsala pamatope. Zaka zina madziwo amachita kusefukira, monga zinachitikira mu Malichi 2019 ndi mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anaononga maboma ambiri a chigawo cha kummwera ndi kutseketsa sukulu kwa masabata angapo. Mu 1996 nyanjayi inalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar chifukwa cha mbalame ndi nsomba zake.

Wopita ku Chisi kuchokera mumzinda wa Zomba amatsika ndi msewu wa ku Kachulu, ndipo pa doko la Kachulu amakwera bwato. Tsono chilichonse chimene sukulu ya pachilumba ifuna chiyenera kuoloka madzi amenewa: thumba la simenti, lata, desiki, katoni ya mabuku, choko, mapepala a mayeso, ngakhale mlangizi wa maphunziro wodzayendera aphunzitsi. Madzi akachuluka ndi mphepo, ulendo umakhala woopsa. Madzi akaphwa, bwato silifika pagombe ndipo katundu amasenzedwa pamutu kudutsa m'thope. Choncho thumba la simenti limene sukulu ya m'mbali mwa msewu wa tala igula pa mtengo wa m'sitolo, sukulu ya pa Chisi imalilipira kawiri, kusitolo ndi kwa mwini bwato.

ANTHU AKE

Pa kalembera wa 1966 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anapitirira 17.5 miliyoni, ndipo boma la Zomba, kupatula mzinda, linali ndi anthu oposa 740,000. Pafupifupi theka la anthu a dziko lino ndi ana osafika zaka 18. Kuchuluka kumeneku n'kumene kumadzaza makalasi a Sitandade 1 ndi 2 kulikonse, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja sanasiyidwe.

Koma pa Chilwa pali chinthu china chimene sichioneka m'mabuku a kalembera, ndicho kuyendayenda kwa anthu. Nyanja ikadzala, matemba, makumba ndi milamba zikachuluka, asodzi ndi ogula nsomba amabwera kuchokera ku Machinga, ku Phalombe, ngakhale kutsidya ku Mozambique. Ena a iwo amakhala masabata ambiri pamadzi m'tinyumba toyandama totchedwa zimbowera. Nyanja ikaphwa, ambiri amasamukira ku nyanja zina kukafuna nsomba, ena ndi mabanja ao. Mphunzitsi wamkulu amalemba ana m'kaundula teremu yoyamba, koma pofika teremu yachitatu mayina ena angotsala pa pepala, pamene ana ena amene sanawerengedwe atulukira m'kalasi. Pakuti thandizo la Boma limawerengedwa potsata kaundula wa nthawi imodzi pachaka, sukulu yotere imakhala nthawi zonse ikuvala malaya osokedwa pa msinkhu wa chaka chatha.

Nsomba imabweretsa ndalama ya tsiku lomwelo, pamene sukulu imalonjeza phindu la zaka khumi kutsogolo. Mnyamata wa zaka 12 amene wakoka nawo khoka usiku n'kulandira yake m'mawa saona msanga chifukwa chokhalira pansi kuphunzira kugawa manambala. Mtsikana naye amakumana ndi amuna okhala ndi ndalama m'manja ali wamng'ono. Malamulo alipo ndipo ndi abwino: Lamulo la Maphunziro la 2013 limakakamiza mwana aliyense kuphunzira sukulu ya pulaimale, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo, kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Koma lamulo siliyenda lokha. Limayenda ndi miyendo ya mfumu, ya komiti ya sukulu ndi ya gulu la amayi, ndipo onsewa amafuna mphunzitsi wokhazikika wogwira naye ntchito.

Tionjezepo matenda ndi njala. Kolera wavutitsa dera la Chilwa kangapo, ndipo mu 2016 a zaumoyo anachita kupereka katemera wakumwa kwa asodzi a m'zimbowera. Nyengo yoletsa kupha nsomba ndi makoka, imene imayamba mu Disembala kuti nsomba ziswane, imagwera pa miyezi yomwe nkhokwe zili pafupi kutha. Mwana wa msodzi amalowa teremu yachiwiri m'nyumba mulibe ndalama ya nsomba, mulibenso chimanga chokwanira.

ZOTSATIRA ZA MAYESO

Tsono tibwere ku mayeso. Aphunzitsi a masamu adzatimvetsa msanga. Tiyerekeze sukulu ya m'tauni imene yalembetsa ana 200 pa mayeso a Sitandade 8. Ana atatu akadwala malungo sabata ya mayeso n'kulephera, chiwerengero cha okhoza chimatsika ndi 1.5 pa 100, ndipo palibe amene amazindikira. Tiyerekezenso sukulu ya pachilumba imene yalembetsa ana 20. Ana atatu omwewo akalephera, chiwerengero chimagwa ndi 15 pa 100, ndipo mphunzitsi wamkulu amaitanidwa kukalongosola. Chaka chotsatira ana atatu akakhoza moonjezera, sukulu yomweyo imayamikiridwa kuti yasintha, chikhalirecho aphunzitsi ndi omwewo, kaphunzitsidwe ndi komweko. Sukulu yaing'ono siyenera kuweruzidwa ndi zotsatira za chaka chimodzi. Pafunika kuphatikiza zaka zitatu kapena zisanu kuti chithunzi chioneke bwino.

Chachiwiri n'chachikulu koposa. Mayeso amawerenga ana amene afika m'chipinda cholembera. Sawerenga amene anatsala m'njira. M'dziko lonse, mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu a ku pulaimale amabwereza kalasi chaka chilichonse, ndipo ambiri oyamba Sitandade 1 safika Sitandade 8. Sukulu ikhoza kuyamba ndi ana 150, n'kufika nao 20 pa mayeso, onse 20 n'kukhoza. Pa pepala yakhoza 100 pa 100. Koma ana 130 ali kuti? Ena ali m'bwato, ena ali pabanja, ena akubwereza Sitandade 3 kachitatu. Sukulu ina imene yafika ndi ana 60, n'kukhoza 45, yatumikira mudzi wake koposa, ngakhale dzina lake lidzalembedwa m'munsi mwa inzake.

Chachitatu ndi kuwerenga. Kafukufuku amene ofesi yoona za kalembera inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha pa 100 ndiwo amatha kuwerenga kankhani kafupi ndi kukamvetsa. N'chifukwa chake Boma linayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016, kuyambira makalasi oyambirira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene wachoka mu Sitandade 2 asanadziwe kulumikiza maphatikizo amavutika m'kalasi iliyonse yotsatira, ndipo ndiye woyamba kumva kuitana kwa nyanja. Amene afuna kudziwa tsogolo la sukulu ya pa Chisi alowe mu Sitandade 2 ndi buku m'manja, amve ana angati akuwerenga.

Otsiriza ndi amene akhoza. Kwa zaka zambiri, ana osafika theka la omaliza pulaimale ndiwo akhala akupeza malo ku sekondale. Ambiri a iwo amasankhidwira ku sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zimene zinakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 m'malo mwa malo ophunzirira a MCDE. Mwana wa pachilumba akasankhidwira kumtunda sangaoloke nyanja m'mawa uliwonse. Ayenera kupeza malo ogona, ndipo makolo ambiri amaopa, moyenera, kusiya mtsikana wa zaka 14 m'nyumba ya lendi yekha. Mng'ono wake akaona kuti mkulu wake anakhoza koma wangokhala pakhomo, amafunsa kuti kukhozako n'kwa chiyani.

NDALAMA ZAKE

Kuti timvetse kagawidwe ka ndalama, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Sukulu zoyamba m'dziko muno zinamangidwa ndi amishoni. Boma la atsamunda linayamba kuwathandiza chisanafike chaka cha 1910, ndi ndalama zokwana mapaundi 1,000 okha pachaka zogawana mishoni zonse. Nthambi ya Boma yoona za maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patapita zaka ziwiri chibwerere nthumwi za Phelps-Stokes, ndipo posakhalitsa ku Domasi, m'boma lomweli la Zomba, kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi. Kuyambira pamenepo dziko lino lakhala ndi mwambo wa sukulu zimene mwini wake ndi mpingo kapena mudzi, koma aphunzitsi ndi ndalama n'zochokera ku Boma. Mwambowu ulipobe lero.

Mu 1994 Boma linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo m'chaka chimodzi ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Linali dalitso lalikulu, koma walira mvula walira matope: makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinakwane. Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma aang'ono lopereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo sukulu za pulaimale zinaikidwa m'manja mwao. Kuyambira 2010 Boma linayamba kutumiza ndalama zotukulira sukulu molunjika ku akaunti ya sukulu iliyonse, kuti komiti ya sukulu ndi makolo azisankha okha chochita nazo potsata dongosolo limene agwirizana. Imeneyi inali nzeru yabwino, pakuti wodziwa pamene denga likudontha ndi amene amagona m'nyumbamo.

Komabe gawo lalikulu la ndalama za maphunziro a pulaimale limapita ku malipiro a aphunzitsi. Kotero njira yeniyeni imene Boma limagawira chuma ku sukulu ndiyo kutumiza aphunzitsi. Cholinga cha Unduna wa Maphunziro n'chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Sukulu za m'tauni ndi za pa malo a malonda zimafika pamenepo, zina mpaka kukhala ndi aphunzitsi otsala, pamene sukulu za kutali zimapitirira kwambiri. Sukulu imene ili ndi aphunzitsi ochepa ikulandira ndalama zochepa za Boma pa mwana aliyense, ngakhale pa pepala ana onse ndi ofanana.

Pofuna kukonza zimenezi, mu 2010 Boma linayamba kupereka alawansi kwa aphunzitsi a kumidzi. Koma dziko lathu pafupifupi lonse ndi la kumidzi, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti alawansiyo inafalikira kwa aphunzitsi ochuluka zedi, kotero kuti wokhala pafupi ndi msika ndi magetsi ankalandira chimodzimodzi ndi wokhala kuseri kwa phiri kapena kutsidya kwa madzi. Unduna unavomera kuti sukulu zigawidwe m'magulu potsata kutalika kwake ndi kusowa kwa zofunika. Chisi ndi chitsanzo chosakayikitsa cha gulu lovutitsitsa. Mphunzitsi wa kumeneko akafuna banki, chipatala chachikulu kapena ofesi ya maphunziro, amataya tsiku lathunthu ndi ndalama ya bwato, ndipo tsiku limenelo kalasi yake imakhala yopanda mwini.

Mu 2025 Boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 ana a m'sukulu za Boma za sekondale zoyendera asamalipirenso fizi, ndi kuti ndalama za mayeso zichotsedwe. Kwa mwana wa msodzi uwu ndi mtolo waukulu wotulidwa. Koma chimene makolo ankapereka tsopano chiyenera kuchokera ku thumba la Boma, ndipo chifike pa nthawi yake. Kuchedwa kwa mwezi umodzi kumene sukulu ya m'tauni ingapirire pokongola kwa wamalonda woyandikana nayo, sukulu ya pachilumba ilibe kokongola.

PHUNZIRO LA KU AMERICA

Ku United States kuli mtundu wa sukulu zotchedwa charter. Lamulo loyamba lozilola linakhazikitsidwa m'chigawo cha Minnesota mu 1991, ndipo sukulu yoyamba inatsegulidwa mu 1992. Zimalandira ndalama za Boma potsata chiwerengero cha ana, sizilipiritsa fizi, koma zimadziyendetsa zokha pansi pa pangano lolembedwa la zaka zingapo. Panganolo limanena zimene sukulu ilonjeza kukwaniritsa, ndipo ikalephera ikhoza kutsekedwa. Zotsatira zake n'zosiyanasiyana: zina zachita bwino kwambiri, makamaka m'mizinda ikuluikulu, zina zalephera n'kutsekedwa.

Mbali ina ya nzeru imeneyi singagwire ntchito pa Chisi. Kumeneko ku America kholo likakhumudwa limachotsa mwana n'kumupititsa ku sukulu ina ya m'dera lomwelo. Pachilumba kulibe mpikisano wotere, ndipo kutseka sukulu n'kutseka tsogolo la mudzi wonse. Koma mbali ya pangano lolembedwa ndi yotengeka, ndiponso si yachilendo kwa ife amene takhala ndi sukulu za mishoni zothandizidwa ndi Boma kwa zaka zoposa 100. Khonsolo inene poyera kuti idzapereka aphunzitsi angati, ndalama zingati, pa mwezi uti. Sukulu, komiti yake ndi mafumu anenenso poyera kuti adzasunga ana angati m'kalasi ndi kuti angati adzakhala akuwerenga pomaliza Sitandade 2. Pakutha pa chaka onse akhale pansi pa mtengo, awerengerane.

ZOYENERA KUCHITA

Pa zonsezi tikuonapo zinthu zinayi zimene sizifuna lamulo latsopano.

Choyamba, pogawa ndalama zotukulira sukulu, khonsolo ya Zomba ndi Unduna aonjezere gawo la mayendedwe a pamadzi kwa sukulu za pazilumba ndi za m'madambo. Sukuluzi n'zowerengeka, ndipo ndalama yake singalemetse thumba la dziko.

Chachiwiri, nyumba ya mphunzitsi iyambe kumangidwa kalasi yatsopano isanamangidwe. Kalasi yopanda mphunzitsi ndi mthunzi chabe. Ndipo mphunzitsi wotumizidwa ku chilumba auzidwe zaka zimene adzatumikire kumeneko, lonjezolo lisungidwe, ndipo utumikiwo uwerengedwe pokweza anthu pa ntchito. Malo otere asamakhale kotayira olakwa. Aphunzitsi achizimayi afunika koposa, pakuti mtsikana amakhulupirira zimene waona ndi maso.

Chachitatu, ofesi ya maphunziro iziwerenga ana a sukulu za m'mbali mwa nyanja teremu iliyonse, ndipo mwana wosamuka ndi makolo ake apatsidwe kalata yomulandiritsa kumene akupita, kuti asayambirenso kalasi imene anaidutsa kale.

Chachinayi, pa khoma la sukulu iliyonse pamatidwe pepala loonetsa zinthu zitatu pamodzi: ndalama zimene zalowa ndi ntchito yake, chiwerengero cha anyamata ndi atsikana m'kalasi iliyonse, ndi zotsatira za mayeso za zaka zisanu. Kholo losadziwa kuwerenga lidzapeza womuwerengera.

Inu a m'maofesi a ku Zomba ndi ku Lilongwe, manambala amene amafika pa tebulo panu ndi oona, koma ndi ofupika. Musanadinde chidindo pa mndandanda wogawa aphunzitsi, funsani kuti sukulu iliyonse imafikika bwanji mu Febuluwale. Inu aphunzitsi amene mwavomera kuoloka madzi, dziko lili nanu ngongole, ndipo njira yoilipirira ndi nyumba yabwino, alawansi yoyenera ndi lonjezo losungidwa. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, akunena za chuma chofikira aliyense. Mwana amene akuyamba Sitandade 1 pa Chisi chaka chino adzakhala ndi zaka zoposa 40 pofika 2063, ndipo kaya adzakhale namwino, mphunzitsi kapena msodzi wodziwa kulemba malonda ake m'buku, zidzatengera mphunzitsi amene adzamupeze m'kalasi Lolemba likudzali.